Kusankha pulogalamu ndi kugwirizana pa mayina: njira imene timatsata pa gulu lathu ku Nkhotakota

Gulu lathu ndi la anthu ongodzipereka. Muli aphunzitsi a ku pulayimale, alangizi a zaumoyo, anyamata a kabaza ndi atsikana amene analemba Fomu 4 koma akudikirabe mwayi. Ntchito yathu ndi kuika pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angalembepo, mijigo, masukulu, zipatala zing'onozing'ono ndi madoko a asodzi, kuyambira ku Benga, kudutsa pa Chia ndi pa boma, mpaka ku Dwangwa. Palibe amene amalandirapo kanthu. Timakumana pa WhatsApp, ndipo ena mwa ife sitinaonanepo maso ndi maso.

Chaka china m'chilimwe tinatsala pang'ono kumwazikana. Mnzathu wina, katswiri pa za makompyuta ndiponso munthu wa mtima wabwino, anatsegula gulu pa Telegram, pulogalamu ina yochezerapo ngati WhatsApp, usiku n'kulengeza kuti kuyambira mawa zonse zizikambidwira kumeneko. Zifukwa zake zinali zomveka ndithu, poti mafayilo athu ankasowa m'kati mwa macheza ndipo kumeneko akanasungika bwino. Koma ambiri mwa ife timagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndiyo timakwanitsa. Patatha masabata awiri panali magulu awiri osamvana, lina likumanga mfundo zimene linzake silikuzidziwa. Nthawi yomweyo panabukanso mkangano wa dzina la doko lina. Pa chikwangwani panalembedwa mwina, asodzi amatchula mwina, ndipo mnyamata wina anali atalimasulira m'Chingerezi kuti alendo amve. Wina akalemba m'mawa, wina wafufuta madzulo.

Titakhala pansi tinaona kuti gwero la vuto silinali Telegram kapena dokolo. Tinali tisanagwirizanepo kuti nkhani ikabwera amagamula ndani, ndipo amagamula bwanji. Zimene ndalemba m'munsimu ndi zimene takhala tikutsata kuchokera nthawi imeneyo.

1. Gwirizanani mmene muzimangira mfundo mkangano usanabuke

Izi zichitike pamene mitima ili m'malo. Lembani mizere yochepa yoyankha mafunso awa: ndani angabweretse ganizo, likambidwa masiku angati, ndani ali ndi mawu pomanga mfundo, ndipo ndani adzalengeze kuti nkhani yatha. Kwathu aliyense angabweretse ganizo. Timakambirana masiku asanu ndi awiri, chifukwa mlangizi wa zaumoyo amene wapita kumidzi kopanda netiweki amatha masiku atatu osatsegula foni, ndipo si bwino kuti apeze zonse zatha. Amene amamanga nawo mfundo ndi amene wagwirako ntchito m'miyezi itatu yapitayi. Wolengeza ndi munthu amene sanatenge mbali pa nkhaniyo.

Adimini wa gulu si mfumu. Iye ali ndi makiyi chabe, olowetsera ndi kutulutsira anthu. Mukapanda kulemba zimenezi poyera, makiyiwo amasanduka udindo munthu asanafune n'komwe.

2. Lembani vuto, dzina la pulogalamu libwere pambuyo

Munthu akabwera ndi mawu oti "tiyeni tiyambe kugwiritsa ntchito yakutiyakuti", mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, chikutivuta n'chiyani chimene imeneyi ithetse?" Yankho likhale chiganizo chimodzi. Lathu linali lakuti: mndandanda wa mijigo umasowa m'macheza ndipo aliyense ali ndi wakewake. Titalemba choncho tinaona kuti sitinkafunikira kusamutsa macheza konse. Tinkafunikira malo amodzi osungira mndandandawo.

3. Dziwani mafoni amene anthu anu ali nawo

Apa m'pamene magulu ambiri amapunthwira, chifukwa amene amabweretsa pulogalamu yatsopano nthawi zambiri ndi amene ali ndi foni yabwino. Funsani aliyense payekha, osati pagulu, poti munthu sanganene pamaso pa anzake kuti foni yake ndi yobwereka kwa mlamu wake. Funsani mtundu wa foni, malo amene atsala m'foni, bandulo imene amagula, kumene amatchajira, ndiponso ngati kunyumba kwake netiweki imagwira.

Mayankho adzakudabwitsani. Mphunzitsi wina wa kumtunda, kufupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama, anatiuza kuti amakwera pa chulu kuseri kwa sukulu kuti atumize uthenga. Wina foni yake ya itel inali itadzaza moti kuti aike pulogalamu imodzi ankayenera kufufuta zithunzi za ana ake. Munthu wotere simungamuuze kuti angoikamo kaye ayesere.

Mukatero muyeze pulogalamu iliyonse ndi mafunso awa. Kodi imagwira ntchito popanda intaneti? Organic Maps ndi OsmAnd zimalola kutsitsa mapu a Malawi kamodzi n'kumawagwiritsa ntchito popanda netiweki. KoboCollect imalola kudzaza fomu kumudzi n'kudzatumiza mukafika pamene pali netiweki. Kodi tikadzafuna kuisiya, zimene tasungamo tingazitulutse? KoboToolbox, kumene mafomu a KoboCollect amakafikira, imatulutsa zonse mu fayilo ya Excel, choncho simumangidwa. Kodi ndi yaulere mpaka kalekale, kapena ndi yaulere mwezi woyamba wokha? Ngati n'kulipira, alipira ndani chaka chamawa? Ndipo akaunti ili m'dzina la ndani?

Funso lomalizali ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse. Anthu ongodzipereka amachoka. Wina wapeza ntchito ku Lilongwe, wina wapita ku Joni, wina wangotopa. Ngati mawu achinsinsi ali m'mutu mwa munthu mmodzi, ntchito ya zaka ziwiri imapita naye. Anthu osachepera awiri akhale ndi makiyi a chilichonse, ndipo asakhale a nyumba imodzi.

Musakopeke ndi kukula kwa manambala. Gulu la pa Telegram lingakhale ndi anthu 200,000 pamene la pa WhatsApp limathera pa 1,024. Nanga inu mulipo angati? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

4. Yesani ndi anthu ochepa, pa foni yofooka kwambiri

Sankhani anthu anayi kapena asanu. Mwa iwo mukhale wa foni yakale uja, wa kumalo kovuta netiweki uja, ndi mmodzi amene akukayikira pulogalamuyo. Wokayikirayo musamusiye, ndiye amaona zimene okonda saona. Apatseni ntchito yeniyeni, monga kulemba mijigo khumi ya dera lawo, kwa masabata awiri. Pomaliza aliyense anene zinthu zitatu: chimene chinayenda, chimene chinakanika, ndi ndalama za data zimene zinapita. Amene anabweretsa ganizo asawathandize kwambiri pa nthawiyi, chifukwa sadzakhala nawo tsiku lililonse.

5. Mvanani kaye, voti ibwere pomaliza

WhatsApp ili ndi povotera, ndipo m'posavuta kugwiritsa ntchito. Ndi chifukwa chake ine ndimapaopa. Voti ikaponyedwa msanga, anthu amadina asanamve zifukwa za anzawo, ndipo amene ali ndi data tsiku limenelo ndiwo amapambana. Mphunzitsi wa pa chulu uja amadzapeza nkhani yatha.

Ife timayamba ndi kufunsa kuti, "Alipo amene izi zimulepheretsa kugwira ntchito?" Kusakonda ndi kulephera n'zosiyana. Munthu akati sakonda maonekedwe a pulogalamuyo, timamva koma timapitirira. Akati foni yake siyingathe, timaima n'kufuna njira. Mwina mnzake wapafupi azimulembera, mwina azitumiza pa pepala lojambulidwa. Ngati njira palibe, pulogalamuyo si yathu.

Voti timaponya pokhapokha zonse ziwiri zili zotheka ndipo kukambirana kwangozungulira. Ikatha, wolengeza amalemba uthenga umodzi wonena zimene tagwirizana, chifukwa chake, zimene otsutsa ananena, ndi tsiku limene tidzaunikenso. Tsiku limeneli limachiritsa mitima. Munthu amene mfundo yake sinadutse amavomera mosavuta akadziwa kuti pakatha miyezi itatu nkhani idzatsegulidwanso.

Posamuka, musatseke zakale tsiku lomwelo. Ziyendere limodzi kwa mwezi umodzi, ndipo wina akhale ndi ntchito yoimbira foni amene sanaonekere kwatsopanoko.

6. Pa mayina, siyanitsani kaye mitundu yake

Mikangano yambiri ya mayina imabwera chifukwa anthu akukamba zinthu zosiyana ngati chinthu chimodzi. Ife timagawa motere.

Mayina a makampani ndi mapulogalamu sitimasulira ndipo sitisintha kalembedwe kake. WhatsApp ndi WhatsApp, Facebook ndi Facebook. Munthu akamafufuza pa foni amalemba mmene eni ake analembera.

Mayina a malo a kunja amene ali kale ndi dzina lozika mizu m'Chichewa, monga Mangalande kapena Yerusalemu, timawalemba pa malo a Chichewa. Koma London timasiya London. Joni ndi dzina la pakamwa, aliyense amalidziwa, komabe pa mapu mzindawo ndi Johannesburg. Lamulo lathu ndi lakuti sitipeka dzina la Chichewa limene palibe amalitchula. Eni ake a OpenStreetMap nawonso amalangiza zomwezo, kuti dzina la chinenero china lilembedwe ngati anthu amaligwiritsadi ntchito, osati lomasulira chabe.

Mayina a malo a kwathu ndiye amafuna kudekha. Ife a ku Nkhotakota tikudziwa bwino mmene dzina limapotokera likalembedwa ndi munthu amene sanamvetsere. Kwa zaka zambiri mapu a atsamunda ankalemba Kota Kota. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje. Malo ena anachita kupatsidwa mayina achilendo, Mangochi kukhala Fort Johnston, Nsanje kukhala Port Herald, Mchinji kukhala Fort Manning. Zonsezi zinakonzedwa dziko litalandira ufulu mu 1964. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti ife eni dera, ndi mafoni athu m'manja, tibwereze cholakwa chomwecho pa midzi ya anzathu chifukwa chothamanga.

Ubwino wake ndi wakuti pa OpenStreetMap simukakamizidwa kusankha dzina limodzi n'kupha ena onse. Malo amodzi amatha kunyamula mayina angapo, lililonse m'bokosi lake. Bokosi la `name` ndi la dzina limene anthu a pamalopo amagwiritsa ntchito. La `name:ny` ndi la Chichewa, poti `ny` ndi chizindikiro cha chinenero chathu, chochokera ku dzina lakuti Chinyanja. La `name:en` ndi la Chingerezi. Palinso `old_name` la dzina lakale, `alt_name` la dzina lina lodziwikanso, ndi `official_name` la dzina la m'mabuku a boma. Ambiri amene ankakangana pa gulu lathu sankadziwa kuti mabokosi amenewa alipo. Ankalimbirana mpando umodzi m'nyumba ya mipando isanu ndi umodzi.

Kumbukiraninso kuti si onse m'boma lino amene Chichewa ndi chinenero chawo choyamba. Chakumpoto, kuyandikira ku Nkhata Bay, kuli anthu olankhula Chitonga, ndipo pa boma pali mabanja olankhula Chiyao. Dzina la mudzi wa Atonga musaliwongole kuti limveke Chichewa. Chitonga cha ku Malawi chili ndi chizindikiro chake, `tog`, ndipo Chiyao ndi `yao`.

7. Dzina likavuta, pitani mukafunse eni ake

Dzina la mudzi silivoteredwa ndi anthu amene sakhala m'mudzimo. Pa nkhani ya pulogalamu gulu lili ndi mphamvu zonse, chifukwa mafoni ndi athu. Pa nkhani ya dzina mphamvu zili kwa eni malo, ife ndife alembi chabe.

Pa doko lija tinatuma anthu awiri. Anafika m'mawa asodzi akutsitsa usipa, amayi akuyanika pa thandala. Anayamba kwa amfumu, monga mwa mwambo. Atapereka moni, mnzathu anati, "Zikomo mfumu, tabwera kudzaphunzira. Malo ano tikuwalemba pa mapu, ndiye tisalakwitse. Dzina lake lenileni ndi liti?" Amfumu anatchula, mnzathuyo anabwereza, amfumu anapukusa mutu n'kutchulanso pang'onopang'ono. Panali mpweya pa chilembo chimodzi umene wolemba chikwangwani anausiya, ngati kusiyana kwa *kula* ndi *khula*. Kenako anaitanitsa agogo ena aakazi amene anabadwira pomwepo. "Gogo, kale munkati chiyani kuno?" Agogowo anatchula dzina lachitatu limene palibe mmodzi wa ife anali atalimvapo, la mtengo umene unagwa kalekale.

Mayina onse atatu analowa pa mapu, lililonse m'bokosi lake. Lachingerezi lomasulira lija tinalichotsa, ndipo mwini wake anavomera yekha atamva mawu a amfumu amene tinajambula.

Mukapita kukafunsa chitani izi. Funsani anthu osachepera atatu, wamkulu, wachinyamata ndi mayi, aliyense payekha. Musatchule dzinalo inu poyamba, chifukwa mwa ulemu munthu amangovomera zimene mlendo wanena. Pemphani chilolezo chojambula mawu, ndipo jambulani chithunzi cha chikwangwani ngati chilipo. Safunsa anadya phula. Chinanso, musakopere mayina ku Google Maps. Malamulo a OpenStreetMap saloleza, ndipo simudziwa kuti amene analemba kumeneko anafunsa ndani.

Pali mayina ena amene ndi nkhani za maiko, ndipo gulu ngati lathu lisalowemo. Nyanja yathuyi ife timati nyanja ya Malawi, ku Tanzania amati Nyasa, ku Mozambique amati Niassa. Zinthu zikuluzikulu zotere pa mapu musazikhudze nokha.

8. Mawu a pa mabatani

Gulu likayamba kumasulira fomu kapena pulogalamu m'Chichewa, pamabuka timikangano ting'onoting'ono tambiri. Mangani mfundo zitatu pachiyambi kuti musabwerezebwereze.

Yoyamba ndi ulemu. Batani lizinena kuti "Sunga" kapena "Sungani"? Ife tinasankha "Sungani", "Tumizani", "Fufutani", chifukwa fomu yathu imagwiridwa ndi akuluakulu, ndipo foni yolamula agogo kuti "Tumiza" imamveka yamwano ngakhale ili makina.

Yachiwiri ndi mawu obwereka. Ngati anthu akunena kale kuti foni, intaneti, kompyuta, netiweki, lembani choncho. Mawu opeka, ngakhale akome bwanji, ngati mayi wa m'komiti ya mjigo ayenera kufunsa tanthauzo lake, alephera ntchito. Njira yoyesera ndi yapafupi: werengerani munthu amene sali pa gulu, mumufunse kuti batani limeneli akalidina chichitike n'chiyani.

Yachitatu ndi kalembedwe. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anatuluka koyamba mu 1973 kuchokera ku Chichewa Board, ndipo ntchito ya bungwelo inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Aphunzitsi a pa gulu lanu amawadziwa malamulowa, apatseni udindo wounika. Gwirizananinso za chilembo cha ŵ. Manyuzipepala ambiri sachilemba, ndipo pa mafoni ena chimavuta kupeza. Ife tinagwirizana kulemba w wamba m'mayina a pa mapu kuti wofufuza asavutike, ngakhale mphunzitsi wina wachikulire sanakondwe nazo, ndipo mfundo yake tinailemba kuti idzaunikidwenso.

Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014. Ingakuthandizeni kupeza poyambira, koma musaike mawu ake pa fomu munthu asanawawerenge mokweza. Ndipo dzina la malo musalilowetsemo n'komwe.

9. Sungani kaundula mmodzi

Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe pa malo amodzi amene aliyense angawerenge. Wathu ndi tebulo la pa Google Sheets, ndipo mwezi uliwonse timalijambula n'kuliponya pa WhatsApp kuti a bandulo yochepa aone. Mlembi wathu alinso ndi kope la pepala. Mzere uliwonse uli ndi dzina kapena liwu, mmene tagwirizana kulilembera, amene anafunsidwa, ndi tsiku. Anthu ofunsidwa timawalemba ndi udindo wawo, monga amfumu kapena wapampando wa komiti ya doko, osati mayina awo.

Munthu watsopano akalowa pa gulu, chinthu choyamba kumupatsa ndi kaundulayu. Akabwera ndi nkhani imene inatha kale, musamukalipire. Muonetseni mzere wake n'kumufunsa ngati ali ndi umboni watsopano. Ngati ali nawo, nkhani itsegulidwe.

Zidzachitika ndithu kuti wina asinthe dzina pa mapu osafunsa, mwina wa pa gulu lanu, mwina munthu wa dziko lina amene akuganiza kuti akukonza cholakwika. Musathamangire kubweza. OpenStreetMap imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, choncho palibe chatayika, ndipo pa kusintha kulikonse pali malo olemberapo ndemanga imene wosinthayo amalandira. Mulembereni moni, munene kuti ndinu a pamalopo, mufotokoze amene munafunsa ndi tsiku lake, ndipo mufunse kumene iye anatenga dzina lakelo. Dikirani sabata imodzi. Akapanda kuyankha, bwezani dzinalo, mulembe chifukwa m'bokosi la ndemanga, ndipo dzina limene iye anaika, ngati lilipodi pakamwa pa anthu, mulisunge mu `alt_name`.